Buku Langa Labwerako

Ndinaligula pamsika wa Zomba, pamphasa ya mabuku akale,
pakati pa dikishonale yonyowa ndi magazini a mpira,
chikuto chong'ambika, mtengo wa mandasi asanu.
Nkhani yake: mtembo wa mtsikana m'chitsime
ndi dokotala wamkazi wong'amba mitembo
amene amafunsa mafupa, mafupa n'kumuyankha.

Lazungulira miyezi isanu ndi iwiri.
Labwerako dzulo likununkha palafini,
sopo wa kuchipatala ndi utsi wa nkhuni zaziwisi.

Woyamba anali Mwatitha wa ku Chirunga.
Analimaliza usiku umodzi, mayeso ali mawa lake.
Anati wolembayu ndi wouma mtima:
bwanji wogona patebulo lachitsulo
nthawi zonse amakhala mtsikana?
M'mphepete analemba ndi bolopeni yofiira, "Tatopa nazo."
Potuluka anacheuka, "Kodi lachiwiri lilipo?"

Bambo Namakhwa, olondera kundende yaikulu,
analiwerenga pantchito usiku ndi tochi ya foni.
"Wakupha wa m'bukumu wachenjera mopitirira,
amapukuta zala, amasita malaya, sagwidwa thukuta.
Amene ndimawatsekera ine anaphera mbuzi,
malire a munda, mowa wa pangongole,
ndipo tulo tikawakana amaitana amayi awo."

Mayi Nasibeko a Mvano ku Matawale
analibweza litakulungidwa m'jumbo ngati nsomba yovunda.
"Ndalekera pa tsamba 40. Maliro amapatsidwa ulemu,
munthu sayeza chiwindi cha mnzake pasikelo ngati nyama ya pabutchala."
Kamtengo ka machesi kamene ankaikira chizindikiro
ndinakapeza pa tsamba 212.
Sindinawauze.

Che Kasembe a kumotchale anaseka mpaka kutsokomola.
"Za mphutsi zija n'zoona, zimawerengadi masiku.
Fungo walilemba ngati analipumapo.
Koma zotsatira kutuluka Lachiwiri lomwelo?
Magetsi osazima, filiji osadontha madzi?
Kuno timayamba tafunsa ngati magolovesi alipo."

Womaliza ndi Abiti Jana,
wogulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu wokwera ku Chawe.
Chingerezi chimamuvuta; mwana wake wa Folomu 3
ankamuwerengera madzulo, kumasulira mzere ndi mzere,
pena kudumpha, iye n'kumubweza: werenga zonse.
Analisunga miyezi itatu. Ndinati basi, lapita.
Anabwera nalo yekha, mpando anaukana.

"Mlongo wanga Ajibu anamupeza mu Likangala,
kunsi kwa mlatho, chaka chija cha madzi ambiri.
Anati wamira. Tinaika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke.
Pakhosi panali mzere wakuda.
Amalume anauona posambitsa, anameza malovu.
Palibe anayeza, palibe analemba kanthu.
Mayi wa m'bukuyu anasuzumira m'zikhadabo za mwana wa eni,
anawerenga mabala limodzilimodzi, osanyansidwa,
anagona ndi njala mpaka atapeza dzina la amene anachita.
Enawo akuti ndi buku loopsa.
Ine ndinangochita nsanje."

Anatsika masitepe, dengu lopanda kanthu m'manja.

Usiku uno nkhungu yaphimba phiri mpaka ku Mulunguzi,
agalu a ku Ndola akulandizana kuuwa.
Ine amene ndinkati ndi buku lotayitsa nthawi mu minibasi
ndatsegula pomwe dokotala akuvundukula nsalu koyamba.
Pakona ya tsambalo pali chala cha madzi a mabulosi,
chofiirira, chathunthu, mizere yonse ikuoneka,
chodindidwa mwamphamvu mpaka kudutsira kuseri.

Dokotala uja akanachijambula, akanachipatsa nambala.
Ine ndangotseka bukulo mwapang'onopang'ono
kuopa kuchifufuta.